Malaya a Bambo Alufandika

Zala izi zinkamanga mfundo mumdima
padooko la Chiromo, ukonde uli pabondo,
ulusi pakamwa, nkhani ili m'kati.
Zinkachotsa mbedza kukhosi kwa mlamba wamoyo
osalasidwa ndi minga yake.
Lero zagonja kwa batani.

Kabatani kamodzi, kochepa kuposa njere ya bwemba.
Ndimawasuzumira pamng'alu wa chitseko:
chala chifunafuna kabowo,
batani lithawa, dzanja livina gule wakewake,
thukuta la Okutobala litsika m'khosi
tambala atangolira kumene.
"Ndikuthandizeni, bambo?"
"Ndakuitana?"
Kutchalitchi anasiya. Akuti n'kutali.
Tchalitchi chake ndi chomwe belu lake
limadzidzimutsa mbuzi zathu m'khola.

Loweruka ndinakwera kabaza mpaka pa Bangula,
ndalama ya masau ili pansonga ya chitenje.
Pakaunjika ndinagwada
ngati wofufuza nyika m'matope a dambo.
Majekete aubweya, kuno kuchigwa
kumene mchenga umawotcha mapazi a galu.
Malaya a mabatani khumi ndi awiri.
Jinzi zouma gwaa ngati chikopa chapadzuwa.
Zipi ya kachitsulo kovuta kutsina ndi ine yemwe.

"Kodi kwenikweni mukufuna chiyani, achemwali?"
"Malaya a munthu amene manja ake sakumumvera."
Mnyamata anaseka, kenako anasiya.
"Agulireni tisheti."
Bambo anga sanavalepo chopanda kolala
chitulukire kusukulu ya mishoni.

Pansi pa mulu panali kansapato ka mwana,
kamodzi, kopanda kanzake.
Ndinakoka kalamba kake: kwaaa!
Ndinakadina ndi chikhatho: kanamata.
Ndinakokanso. Ndinadinanso ndi chigongono.
Kanamatabe.

Telala Dinyero, pakhonde la golosale,
anakatembenuza kawiri, magalasi ali pamphuno.
"Ndipezereni zisanu ndi chimodzi zotere."
Ndinazungulira msika ndikugula nsapato zamasiye,
yofiira, yabuluu, ina ya maluwa,
mpaka mayi wogulitsa mlamba wowamba anafunsa
ngati kwathu ana onse ali ndi mwendo umodzi.

Dinyero anasomola zomatazo ndi lezala,
nazisokera kunsi kwa malaya oyera aja,
a ukwati wa mchimwene, amene anagona m'sutikesi
chaka ndi miyezi inayi.
Mabowo anawatseka ndi ulusi,
mabatani nawakhomera pamwamba.
"Awa akhale pomwepa," anatero,
"agwire ntchito yoonedwa basi.
Munthu wamkulu savala matenda ake pachifuwa."

Lamulungu ndinangowaika pampando, osanena kanthu,
ndinapita kukatsuka mbale zotsuka kale.
M'nyumba munali zii.
Kenako phaa, phaa, phaa,
ngati munthu akudziguguda pachifuwa polumbira.

Anatuluka.
Mbali yakumanzere inali yotalikirapo,
kolala itapendekera kumtsinje.
Manja anga anayamba kunyamuka okha.
Ndinawabisa kumbuyo, ndinawagwiritsitsa.
"Ukuyang'ana chiyani? Tichedwa."

Pakati pa pemphero lalitali,
malata akulira ndi dzuwa,
anafuna kamphepo pakhosi: kwaaa!
Amayi a mvano anatsegula diso limodzi.
Mwana wina anayang'ana kumapazi kwake.
Bambo anangodina pachifuwa pang'onopang'ono
ngati mawu a mlaliki awafika pamtima.

Pobwera, pamthunzi wa mlambe, anaima kupuma.
Dzanja linali kunjenjemerabe pandodo,
silinachire, silinalonjeze kuchira.
"Buluku lija la khaki," anatero osandiyang'ana,
"umuuze aike lasitiki m'chiuno."
Tinayendako pang'ono. Fumbi, ng'ombe, ngolo ya thonje.
"Ndiye ukonde uja uli kudenga...
ukamufunse Dinyero wakoyo
ngati nsomba za m'Shire zimadziwa zomata."

Anaseka mpaka kutsokomola.
Ine ndinayang'ana kumapiri a Thyolo
kuti asaone nkhope yanga.